Bokosi Lomaliza la a Kokani

Dzina loti a Kokani sanabadwe nalo. Analitola ku fakitale ya zitini, komwe anakhala zaka makumi atatu ndi zinayi akumanga mabokosi a magetsi oyendetsa makina. Wantchito mnzawo akamanga waya pa kabawuti n'kunena kuti wamaliza, iwo ankaima kumbuyo kwake manja ali kumsana, n'kungoti, "Kokani." Ukakoka wayayo n'kusololoka, sankakukalipira ayi. Ankangokuyang'ana mpaka iwe mwini kulakalaka pansi patang'ambika. Dzinalo linawakanirira moti ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankawaitana lomwelo.

Anali munthu wovuta, tisanamizane. Akalowa m'nyumba ya eni, moni ankapereka maso ali pa soketi. Akazi awo ankauza anzawo kuti tsiku la ukwati, atawaveka mphete, mwamunayo anaikoka kaye kuti aone ngati yagwira. Iwo sankatsutsa. Ankangoti mpheteyo mpaka lero sinagwe, ndiye vuto lili pati?

Pa malamulo awo onse, lalikulu linali la waya wolumphitsa. Poyesa bokosi latsopano, wa magetsi nthawi zina amalumikiza malo awiri ndi kawaya kongoyembekezera, kuti magetsi alumphe swichi yomwe sinaikidwe. Kawaya kameneka n'kothandiza, koma kakaiwalika mkatimo n'koopsa kuposa njoka, chifukwa swichi ija ikadzaikidwa imangokhala yokongoletsa. Uidine, usaidine, makina amangoyenda. Tsono kwa a Kokani waya wolumphitsa ankayenera kukhala wofiira, wautali ngati mkono, ndipo ankamulendeweza kunja kuti chitseko cha bokosi chikane kutsekeka. "Mutu umaiwala," ankatero, "koma chitseko sichiiwala."

Lamuloli silinachokere m'buku. Chaka chawo choyamba ku fakitale, akadali wosesa, anaona bambo wina wa makina odula malata akumenya batani lofiira loimitsira makina, ndi bondo, ndi chigongono, makina osaima. Atatsegula bokosi anapezamo kawaya koiwalika. Bamboyo anapita kwawo ndi mkono umodzi, ndipo yemwe anaiwala kawayako anangosamukira ku fakitale ina. A Kokani nkhani imeneyi ankainena kawirikawiri, ndipo nthawi zonse ankaimaliza ndi kulavula. Bwana wina atawakakamiza kuti ayatse makina msanga, ntchito ya mkati isanathe, iwo anakhala pa chikwama chawo cha zida kutsogolo kwa bokosi n'kuyamba kudya chakudya chamasana nthawi ya teni koloko. Bwanayo anachoka patapita zaka ziwiri, iwo n'kutsala. Zaka zonsezo, pa makina omwe iwo anamangira bokosi, palibe anatayapo ngakhale chikhadabo. Chuma chawo chinali chimenecho. Wotchi yapakhoma yomwe anawapatsa popuma ntchito anaipachika kukhitchini, kumbuyo kwa chitseko.

Kupuma ntchito sikunawayanje. Anakonza mababu ndi maayironi a anansi onse mpaka kusowa chowonongeka, kenako anayamba kufota ngati duwa la m'chitini losathiriridwa. Ndiye panayamba tinthu ting'onoting'ono. Anagula tepi wakuda katatu sabata imodzi. Tsiku lina m'mawa anavala ovolosi, natenga chikwama cha zida, nakafika mpaka pokwerera basi. Atakumbukira kuti fakitale anaisiya zaka zinayi zapitazo, anabwerera n'kunama kuti amakaongola miyendo. Akazi awo anangolandira chikwamacho. Iwo eni ankadziwa kuti china chake chikuwathawa. Mawu ankafika pamlomo n'kubwerera. Zikatero ankapsa mtima, kukalipira mpando, kukalipira wailesi, poti mkwiyo sunkawachititsa manyazi ngati mmene ankachitira mantha.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, mphunzitsi wa masamu ku sekondale. Ankamutcha Kafyuzi, chifukwa ali wamng'ono sankachedwa kupsa ngati fyuzi ya magetsi. Anakula akusewera ndi zidutswa za mawaya, moti bokosi la magetsi ankatha kuliwerenga, ngakhale kumanga sankatha. Atakwatiwa n'kukhala ndi nyumba yake mbali ina ya tauni, anagula makina ang'onoang'ono osema matabwa, aja amati CNC. Umajambula chinthu pa kompyuta, ndipo kampeni kozungulira kamayenda kokha pa thabwa, kutsogolo, m'mbali, pansi, mpaka chinthucho kutuluka. Ankafuna kuti Loweruka azisemera ana a sukulu timakona ndi timawilo tophunzirira, komanso manambala a pageti a anansi. Makinawo anabwera m'makatoni, zidutswazidutswa. Thupi lake analumikiza yekha ndi mwamuna wake. Chinatsala ndi bokosi la magetsi, lomwe ndi mutu wa zonse.

Akanatha kugula lomangamanga. Koma mayi ake anamunong'oneza pa foni kuti, "Bambo akowa akutha ndikuwaona. Apatse chogwira."

Anabwera ndi katoni Lamlungu masana, naiika pa tebulo lodyera.

"Bambo, ndagwira njakata. Amisiri a masiku ano sindikuwakhulupirira."

A Kokani anasuzumira m'katonimo, natulutsa timabokosi titatu takuda.

"Izi n'chiyani?"

"Amati madiraiva. Kalikonse kamayendetsa mota imodzi."

"Madiraiva opanda laisensi." Anatembenuza kamodzi, nawerenga tizilembo ta pambali. "Zidole izi. Ife tinkamanga mabokosi oti munthu n'kuimirira mkati."

"Ndiye ndipite nazo kwina?"

"Ndani wanena zimenezo? Chotsa manja. Amake mwana, mwezi uno tizidyera pamiyendo, tebuloli lagwidwa."

Masabata atatu amenewo a Kokani anabwerera m'thupi mwawo. Bokosi anasankha lachitsulo, lotuwa, lalikulu ngati sutikesi yaing'ono. Analemba ndi pensulo pomwe chilichonse chidzakhale asanaboole bowo ngakhale limodzi, ndipo ataboola anasesa tizitsulo tonse ndi burashi, kenako ndi maginito, poti kachitsulo kamodzi kakagwera pa diraiva ndiye maliro. Madiraiva anawaika mondondozana, kusiya mpata pakati kuti mphepo izidutsa. Fani anaiika kumunsi, naivindikira ndi kansalu kosefa, chifukwa utuchi ndi magetsi n'zosayenderana. Mawaya onenepa a mphamvu anawadutsitsa kumanzere, ang'onoang'ono otenga uthenga wa kompyuta kumanja.

"Bwanji mukuwasiyanitsa ngati ana omenyana m'kalasi?" anafunsa akazi awo, akudya atagwirizira mbale pa mawondo.

"Akuluwa ndi aphokoso. Akayandikana, aang'onowa amamva zabodza, mota n'kumapita kolakwika."

"Ndiye ngati mlamu wanu uja."

"Ameneyo ngakhale mutamuika m'bokosi lakelake, amvekabe."

Mawaya onse obiriwira, aja oteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, anawakumanitsa pa bawuti imodzi, atapala utoto mpaka chitsulo kuwala. Waya aliyense anamuveka nambala mbali zonse ziwiri. Kumunsi kwa bokosi anaika mzere wa timabawuti tolandirira mawaya ochokera kunja, ndipo nambala seveni ndi eyiti anasungira batani lofiira. Akamanga ankakoka, akamanga ankakoka. Ankaimba chapansipansi nyimbo zomwe akazi awo anazimva komaliza mwana ali kumsana.

Kafyuzi ankadutsa Lachitatu lililonse akaweruka. Tsiku lina bambo ake anamufunsa kuti mota yaikulu, ija yozungulitsa kampeni, imadya magetsi ochuluka bwanji. Anawauza. Asanamalize kumwa madzi anamufunsanso, ndipo potsanzikana anamufunsa kachitatu. Mwanayo anatenga kapepala, nalembapo nambalayo, nakamata pa tebulo. Atayang'ana ntchito ya m'bokosi, yowongoka ngati mizere ya m'kope la mwana wakhama, mtima wake unakhala pansi. Zomwe mutu unkagwetsa, manja ankatola, ndipo iye ndi mayi ake anayamba kukhulupirira kuti mwina kunali kusowa chochita chabe.

Tsiku loyesa linali Lachinayi m'mawa. Batani lofiira silinali pamenepo, poti malo ake anali pa makina, kunyumba kwa mwana, ndipo popanda batanilo bokosi silikanayaka. Panafunika waya wolumphitsa pa seveni ndi eyiti. A Kokani anatsegula chikwama kufuna waya wawo wofiira, osamupeza. Anayang'ana m'madirowa, pansi pa tebulo, m'matumba a ovolosi. Ankadziwa kuti dzulo lake anamugwira. Akanatha kufunsa akazi awo, omwe ankachapa kuseri, koma m'mawa womwewo anali atafunsa kale za magalasi kawiri, ndipo kachiwiriko anali nawo pamphuno. Mayiwo sanaseke, ndipo kusasekako n'komwe kunawapweteka. Sanafune kuonanso nkhope ija.

Pansi panali kachidutswa ka waya wakuda, kotalika ngati chala. Anakatola. "Mphindi zisanu zokha," anadziuza. Anakamanga kumtunda kwa timabawuti tija, mbali ya mkati, pamodzi ndi mawaya omwe analipo kale, nakakoka. Kanagwira bwino lomwe.

Atayatsa, fani inazungulira, timagetsi tobiriwira tinayaka motsatana, ndipo mamota atatu omwe anawagoneka pa tebulo anayamba kung'ung'udza. A Kokani anaitana akazi awo, omwe anabwera manja ali thovu lokhalokha, ndipo awiriwo anaima n'kumaonerera mamota akuzungulira ngati akuona mdzukulu akuyamba kukwawa. Atazimitsa, a Kokani anavindikira mizere ya mawaya ndi zivindikiro zake zapulasitiki, mtima uli mbee. Kawaya kakuda kanagona pakati pa anzake akuda. Chitseko chinatsekeka bwinobwino.

Loweruka ananyamula bokosilo pa basi, ali nalo pamiyendo, osalola kondakitala kulikhudza. M'chipinda chakuseri kwa nyumba ya mwana wawo, momwe munali makinawo, analipachika pakhoma, nalumikiza mamota, nalumikizanso batani lofiira kumunsi kwa seveni ndi eyiti. Batanilo analiika pakona ya tebulo la makina, kumanzere, pomwe dzanja lingafike munthu atatsinzina. Kafyuzi anapana thabwa, nadina pa kompyuta. Kampeni kanalira, kanatsika, kanayenda, ndipo patapita kanthawi panatuluka wilo lathabwa lozungulira bwino moti a Kokani analiyeza mbali zinayi osapeza cholakwa.

Chinatsala n'kuyesa batani. Anali atatsegula kale pakamwa kuti auze mwanayo ayatsenso makina, pomwe iye anawakumbatira chakumbuyo, mkamwini n'kulowa ndi foni akuti aime pafupi ndi bokosi awajambule. Anajambula kanayi, poti a Kokani pa chithunzi amaoneka ngati akuyankha mlandu. Kenako kunabwera tiyi.

Pobwerera, m'basi, akazi awo anafunsa ngati zonse zili bwino.

"Ndayesa chilichonse."

"Ndi lofiira lija?"

"Mukundifunsa ine zimenezo?"

Sankanama. Ankaona bwinobwino m'mutu mwawo chikhatho chikugwa pa batani, makina n'kuti zii. Anali atachita zimenezo kambirimbiri pa moyo wawo, ndipo mutu unangotenga tsiku limodzi mwa masiku amenewo n'kuwapatsa ngati la lero.

Tsoka silinunkha. Makinawo anayenda bwino masabata asanu. Kafyuzi ankawaimitsa ndi kompyuta, ndipo batani lofiira sanaganizepo zoliyesa. Ungayese bwanji chinthu chomwe amanga a Kokani? Loweruka lachisanu ndi chimodzi, a Kokani akusesa pakhonde, mkamwini anaimba foni ali ku chipatala. Thabwa linapulumuka pa chopanira makina akuyenda, ndipo mwanayo analigwira ndi dzanja lamanja kuti lisauluke. Kampeni kanatenga zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, zomwe amagwirira choko.

Anamupeza atagona, dzanja litakulungidwa ngati mtolo, milomo itauma. A Kokani anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja. Sanafunse za ululu. Funso lawo loyamba linali la mmisiri.

"Batani unadina?"

Mwanayo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Ayi, Bambo. Ndinasokonezeka. Anazimitsa pakhoma ndi awa."

Apa a Kokani anachita zosayenera, ndipo palibe chifukwa chowaikira kumbuyo. Mantha onse anasanduka ukali. Anamukalipira mwana ali pa bedi la chipatala, anamwino akumva. Batani analiikira chiyani? Analiika kumanzere dala, lalikulu loti ngakhale wosaona salilephera. Munthu wophunzitsa ana a eni masamu n'kulephera kuwerenga batani limodzi? Sanalekere pomwepo. Aliyense wobwera kudzazonda ankamva nkhani ya batani, ndipo mwanayo ankangoweramitsa mutu n'kumati, "Ndamva, Bambo." Anali Kafyuzi yemweyo amene kale sankalola mawu kumudutsa. Akazi awo akati, "Basi, bambo ake mwana, zakwana," iwo ankati choonadi chimawawa koma chimachiritsa. Mumtima ankalira, n'zoona, koma mumtima momwemo munalinso kachitonthozo kochititsa manyazi, koti bokosi lawo linalibe mlandu.

Patatha masabata atatu anapita ndi akazi awo kukamuona kunyumba, masana. Anamupeza pa tebulo akuphunzira kulemba manambala ndi dzanja lamanzere, faifi akutuluka ngati mbedza. A Kokani sanathe kuonerera. Anati akukachotsa kampeni pa makina kuti kasachite dzimbiri, nalowa m'chipinda chakuseri.

Munali fungo la utuchi wakale. Pansi anali atakolopa, koma thabwa lija linali pomwepo, ndi mzere wokhota pomwe kampeni kanasochera. Ndipo pakona ya tebulo, batani lofiira linali litalowa mkati.

Batani la mtundu umenewo ukalimenya silibwerera lokha. Limakhala chilowere mpaka wina alipotokole. A Kokani anaima n'kumaliyang'ana. Anaganiza kuti mwina ndi mkamwini analigunda pambuyo pake, pokolopa. Atawerama anaona kuti mutu wa batanilo unali utang'aluka pakati. Pulasitiki yolimba choncho sing'aluka ndi kugunda kamodzi. Munthu analimenya, nalimenyanso, nalimenyanso, ndi mphamvu zake zonse.

A Kokani anatsegula bokosi, nachotsa chivindikiro cha mzere wa kumunsi. Zonse zinali m'malo mwake, zoyera, manambala akuyang'ana kumodzi. Pa seveni ndi eyiti panalibe chachilendo. Anapumira m'mwamba. Koma dzanja, mwa chizolowezi chake, linapita lokha pa waya wa seveni n'kukoka, ndipo wayayo anasololoka ngati ulusi. Wa eyiti chimodzimodzi. Mitu ya timabawuti tiwirito inali yokalikakalika, ngati yomasulidwa ndi munthu yemwe sikuludiraiva ikumuterereka. Pansi pa kabawuti ka eyiti panatsalira katsitsi kamodzi ka waya wa kopa, kodukira.

Apo Lachinayi lija linabwerera lonse, waya wofiira wosowa, magalasi pamphuno, kachidutswa kakuda. Mutu womwe unkakana kuwapatsa dzina la mnansi wa khomo loyandikana unawapatsa zimenezi osabisa kanthu. Anakhala pansi pa simenti, sikuludiraiva ili m'manja. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma apa anadya ndi bambo, wopotedwa n'kukhala mwana.

Mwanayo anawapeza ali choncho. Anaima pakhomo, dzanja lomangidwa lili pachifuwa, naona bokosi lotsegula, naonanso batani. Anatseka maso.

"Ndinaiwala kulipotokola," anatero chapansipansi.

"Unamenya kangati?"

"Bambo..."

"Kangati?"

"Sindinawerenge."

"Kawaya kali kuti?"

"Ndinakataya m'chimbudzi, tsiku lomwe ndinatuluka m'chipatala. Ndinayesetsa kumanganso timabawutito, koma dzanja ili silidziwa."

"Mayi ako akudziwa?"

"Akudziwa. Akuti mlandu ndi wawo, poti ndi iwo anandiuza kuti ndikupatseni ntchito. Ine ndikuti ndi wanga, masabata asanu osaliyesa. Takhala tikulimbirana."

A Kokani anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye ntchitoyi munandipatsa ngati mmene mumapatsira mwana wolira supuni kuti azisewera nayo."

"Bokosi lake n'labwino, Bambo. Kupatula kawaya kamodzi."

"Kupatula."

Anayang'ana dzanja lija, koyamba kuliyang'anitsitsa. Analira kuposa mmene analirira pa maliro a mayi awo owabereka, kulira kosaoneka bwino kwa munthu wamkulu, kotulutsa mamina. Mwanayo anakhala nawo pansi pa simentipo.

"Ndimakumbuka ndikulidina," anatero a Kokani atapezako mpweya. "Mpaka pano ndikuona dzanja langa lili pamenepo. Ndinakunyoza pamaso pa anthu, iwe uli chete."

"Zala zinali zitapita kale. Ndikananena, mukanapita ndi inu."

"Tamvera, Kafyuzi. Mutu uwu ukutha. Tsiku lina ndidzaiwala ndi izi zomwe, ndipo ndidzakufunsanso. Usadzandinamizenso. Usadzalole ndikukalipire pa mlandu wanga."

"Bambo, zimenezo n'zovuta."

"Lonjeza."

Analonjeza. Timabawuti tiwirito a Kokani sanatimange. Anauza mkamwini kuti aitane wa magetsi wina adzayang'ane bokosi lonse, waya ndi waya, naika sikuludiraiva pa tebulo la makina.

M'basi pobwerera a Kokani anadikira mpaka theka la ulendo. Kenako anauza akazi awo zonse za Lachinayi lija, kuti waya wofiira anasowa, ndipo kuti anachita manyazi kufunsa chifukwa cha magalasi aja.

"Mukanangoseka," anatero, maso ali pa windo. "Mukanaseka ngati kale, ndikanakufunsani."

"Ndinkaopa kuseka," anayankha mayiwo. "Ndinkaona kuti sizosekanso."

Sabata yotsatira analola kupita kwa dokotala, yemwe anawafunsa tsiku ndi mwezi, nawauza kuti ajambule wotchi pa pepala. Munthu yemwe ankajambula mapulani a makina a fakitale yonse anaunjika manambala onse mbali imodzi. Matenda anapatsidwa dzina, iwo n'kupatsidwa mapiritsi. Atafika kunyumba anapereka okha chikwama cha zida kwa akazi awo kuti achikiyire, ndipo kiyi asawauze komwe ali ngakhale atakalipa bwanji. Anansi akabwera ndi ayironi yakufa, ankawauza mosabisa kuti, "Pitani kwina, mutu wanga sukugwira." Kafyuzi anabwerera ku sukulu, naphunzira kupana choko ndi zala zotsala. Makina aja anawayambanso, ndipo nthawi iliyonse asanaike thabwa amamenya kaye batani.

Papita zaka ziwiri tsopano. A Kokani amakhala pakhonde, pampando woyang'ana kumsewu, atavala bwino, atametedwa. Akazi awo amawazindikira masiku onse, mwana wawo masiku ambiri. Lamlungu lapitali mwanayo anawabweretsera tiyi, ndipo polandira kapu anaona dzanja. Anaika kapu pansi, naligwira dzanjalo ndi manja awiri, nalitembenuza mosamala.

"Kafyuzi, dzanja latani?"

Mayi ake, omwe ankasoka batani la malaya pambali, anaimitsa singano.

"Makina, Bambo. Osema matabwa."

"Analibe loimitsira?"

"Linalipo."

"Sunadine?"

"Ndinadina. Munali waya wolumphitsa mkati. Anaiwalika."

Nkhope ya a Kokani inasintha. Msana unawongoka, maso anayera, ndipo mawu anatuluka a munthu uja ankaopedwa ku fakitale.

"Wofiira?"

"Wakuda. Wamfupi."

"Chitsiru chimenecho chili kuti? Munthu wotero asadzagwirenso waya moyo wake wonse. Ukundimva? Ukamuuze kuti ndatero ndine."

Mwanayo anayang'ana mayi ake. Mayiwo anayang'ana kumsewu.

"Anasiya, Bambo. Anasiya yekha."

"Anachita bwino." Anasisita ndi chala chawo chachikulu pomwe panali zala zija, pang'onopang'ono, misozi ikulengeza. "Ukanabwera kwa ine, mwanangu. Ndikanakumangira ine."

"Ndikudziwa, Bambo," anatero mwanayo, natola kapu n'kuwagwiritsa. "Imwani tiyi asanazizire."